Bowo Limene Sindinaliyang'ane

Kwa Kanduku,
Mwanza.
17 Julaye, 2025

Wokondedwa mwana wanga Thandie,

Landira moni wochokera kwa ine bambo ako. Uli bwanji ku Joniko, iwe ndi amuna ako a Melvin? Chifuwa chimene unkadandaula mwezi watha chija chinatha? Ndamva kuti chaka chino kuzizira kwanuko kwaposa kwathu kuno, ndiye usamapite ku ntchito wopanda juzi podalira kuti ndiwe nesi. Manesi nawonso amadwala.

Kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Mayi ako bondo lija limawavutabe kukazizira, koma salola kukhala pansi. Lero alawirira ku Thambani ndi matumba awiri a mtedza, abwera madzulo ano pa pikapu. Manachesi abereka mpaka nthambi ina kuthyoka. Mbuzi yamawanga ija yaswa ana awiri, onse aakazi.

Mwina ukudabwa kuti bwanji ndakulembera kalata pamene foni ilipo. Ukudziwa kuti khutu langa lakumanzere linafa kalekale, ndipo pafoni ndimangoti "ati chiyani?" mpaka mayunitsi kutha. Koma chifukwa chenicheni si chimenecho. Pepala ili ndi lachitatu, awiri oyamba ndang'amba. A Masauko, adalaivala a thiraki a kutchalitchi kwathu aja, awoloka boda mawa m'mawa ndipo avomera kukufikitsira kalatayi. Ndilibenso nthawi yong'amba lina.

Ndiyambe ndi zithunzi zija.

Mwana iwe, unatumiza pa foni ya mayi ako popanda kuchenjeza. Zinawapeza ali kuchigayo, pakati pa azimayi anzawo. Atamva foni ikulira anawaitana onse kuti bwerani mudzaone mwana wanga wa ku Joni. Potsegula, mfuti zitatu zitagonekedwa pa nsalu yobiriwira. Ufa anausiya komweko. Anafika pano akuthamanga ndi bondo lomwe lija, akuti mwana wathu akufuna kuphedwa ndi zigawenga, apo ayi a Melvin ayamba kumumenya.

Ndinawakhazika pansi, tinamvetsera uthenga wako wa mawu katatu, kawiri chifukwa cha mtima wawo, kamodzi chifukwa cha khutu langa. Ndinawafotokozera kuti palibe amene akukuopseza. Ndinati anzako a kuchipatala anakutengera ku kalabu yowombera chandamale, kumene anthu amapita Loweruka kukawombera pepala lojambulidwa mizere yozungulira, mlangizi ataima kumbuyo kwawo. Ndinawauzanso zimene unanena, kuti ukatopa ndi sabata yonse ya m'wodi, ola limodzi lija ndi pamene mutu wako umakhala chete.

Anandifunsa kuti kodi anthu ena akatopa sangogona? Anafunsanso kuti nanga pepalalo lamulakwira chiyani mwanayo? Pomaliza anati magazi a bambo ake amenewo, nabwerera kuchigayo kukatenga ufa.

Tsopano funso lako. Unati kusitoloko akufuna usankhe kaye mfuti, kenako upemphe laisensi ya mfuti yomweyo, poti mapepala ako okhalira kumeneko tsopano ndi okhazikika. Unati pa zitatuzo ndikusankhire ine. Ndikuyankha mmene ndinkayankhira ophunzira anga ku polisi, ndiye undipirire.

Zonse zitatu ndi malivolova, ndipo pamenepo wayamba bwino. Livolova ili ndi kamgolo ka mabowo kamene kamazungulira, bowo lililonse chipolopolo chake. Ukatsegula, kamgoloko kamagwera pambali ndipo zonse zili m'kati zimaoneka. Ilibe zobisika zambiri ngati pisito wamba. Munthu wongoyamba amaimvetsa msanga.

Yoyamba ija, yonyezimira, ya 357, uiiwale. Ndi yokongola, ndikuvomera, nanenso ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Koma imakankha ngati bulu, ndipo phokoso lake limalowa mpaka m'mano. Wongoyamba akawombera kasanu, dzanja limayamba kuopa. Limagwedera lokha chipolopolo chisanatuluke, ndipo chizolowezi chimenecho chikalowa, kuchichotsa ndi ntchito ya chaka chathunthu.

Yachiwiri, kakang'ono ka 38 kamene unati kangakwane m'chikwama, anakapangira kubisa m'thumba, osati chandamale. Mpope wake ndi waufupi ngati chala, ndiye timaso tiwiri tolozera tija, kakutsogolo ndi kakumbuyo, tayandikana kwambiri. Ukalakwitsa pang'ono poloza, papepala paja waphonya ndi mkono wathunthu. Kupepuka kwakenso kusakunamize. Mfuti yopepuka imakankha kuposa yolemera. Komanso iwe sukufuna mfuti ya m'chikwama. Yako izikhala m'sefa, bokosi lachitsulo lokhoma lija, izituluka Loweruka basi.

Yachitatu, yakuda ija, ya 22, ya mpope wautali, imene unaiseka kuti ikuoneka ngati ya agogo, ndiyo ugule. Siikankha. Ungawombere zipolopolo zana tsiku limodzi dzanja osapweteka, ndipo kuwombera kambiri ndi kumene kumaphunzitsa. Kulemera kwa mpope kumakhazika dzanja pansi.

Koma usagule chifukwa choti ndanena ine. Upemphe ku kalabuko uyese yofanana nayo. Uigwire, uone ngati chala chamkombaphala chikufika pa tiriga, kachitsulo kokoka kaja, popanda kupotoza dzanja. Dzanja lako ndi la mayi ako, laling'ono. Chogwirira chikakula, angathe kukusinthira. Zotsekera m'makutu usamavule ngakhale pa ya 22. Ife tinkatseka ndi thonje, thonje likasowa makoko a zipolopolo, ndipo zotsatira zake ukuzidziwa.

Pa chithunzipo sindikutha kuona kuti ili ndi mabowo angati. Zina zimakhala ndi asanu ndi limodzi, zina asanu ndi atatu, zina khumi. Ufunse, udziwe.

Apa ndi pamene mapepala awiri oyamba aja anathera. Ndinkafika pamenepa, ndikulemba moni kwa a Melvin, ndikusaina dzina, kenako ndikung'amba.

Mu uthenga wako unanena mawu ena kumapeto, ukuseka. Unati unawauza alangizi ako kuti bambo anga anaphunzitsa kuwombera zaka 19 ndipo pamoyo wawo wonse mfuti sinawalakwirepo ngakhale kamodzi. Unati alangiziwo anati munthu wotero ngwosowa, akufuna adzandigwire chanza.

Thandie, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chimvereni mawu amenewo, ndipo sindikutha kukhala pampando. Ndakonza khola la mbuzi limene silinawonongeke. Ndapalasa m'munda mokololedwa kale. Mayi ako anandifunsa ngati ndayamba kudwala shuga, poti ndikungolowa ndi kutuluka.

Zimene unawauza alangizi akozo si zoona. Wolakwa si iwe. Unanena zimene ndinalola kuti uzikhulupirire.

Ukuwadziwa ankolo ako a Sumaili a sitolo ya kuboma, bambo ake a mnzako Latifah. Ukudziwa mmene amayendera, akukoka phazi lakumanja. Unakula ukumva kuti anagwa pa njinga yamoto ali mnyamata. Mayi ako mpaka lero njinga ya kabaza ikadutsa amakuwa kuti agwireni a Sumaili asakwere, iwo n'kumaseka nawo limodzi.

Ukukumbukira tsiku limene ndinakukwapula uli sitandade 3, utayerekeza kayendedwe kawo pakhonde pano? Ndi tsiku lokhalo limene ndinakukwezera dzanja. Unalira ukufunsa kuti bwanji mayi amawaseka inu osawaletsa.

Palibe njinga imene inawagwetsa. Phazi lija ndinaliwombera ndine.

Munali mu Seputembala 1992, chaka cha chilala chachikulu chija. Mayi ako anali ndi pakati pa iwe, miyezi isanu ndi itatu, ali kuno kumudzi. Ine ndi a Sumaili tinali makonsitebo awiri ochokera ku Mwanza, kutali ndi kwathu, tikugona chipinda chimodzi. Ine ndinali nditayamba kuthandiza alangizi pa bwalo lowomberapo, poti dzanja langa linali labwino.

Ndikufotokozere bwinobwino mmene zinachitikira, chifukwa phunziro lonse lili mmenemo.

Amene anandiphunzitsa ine anali sajeni wachikulire wa nthawi ya atsamunda. Iwo ankaika zipolopolo zisanu zokha mu livolova ya mabowo asanu ndi limodzi. Bowo lotsalalo ankalisiya pansi pa kanyundo komenya chipolopolo, chifukwa mfuti zakalekale zikagwa pansi zinkatha kulira zokha. Ine ndinatengera. Zaka zinayi, tsiku lililonse, kuika zisanu, kutulutsa zisanu. Dzanja langa linkadziwa kulemera kwa zisanu ngakhale nditatsinzina.

A Sumaili anaphunzitsidwa ndi mlangizi wina, wachinyamata. Iwo ankadzaza mabowo onse.

Tsiku limenelo ndinatanganidwa ndi kumata mapepala atsopano pa matabwa, ndiye ndinawapempha kuti andiikire zipolopolo mu mfuti yanga. Anandiikira, anandipatsa, ndinaika m'chikopa cha m'chiuno. Ndisanawombere ngakhale chimodzi, lole yotibweza inafika msanga, wisilo inalira kuti tonse titulutse zipolopolo tizipita.

Pansi pa mpope pali kandodo kamene umakankha kuti zonse za m'kamgolo zituluke pamodzi. Sindinakakankhe. Ndinangotsegula, n'kupendeketsa mfuti, zipolopolo n'kugwera zokha m'dzanja. Ndinawerenga. Zisanu. Mtima unati zatha. Ndinatseka kamgolo osayang'ana.

Chachisanu ndi chimodzi chinali chitakodwa pa mlomo wa chogwirira, ndipo powongola mfuti chinabwerera m'bowo mwake.

Tinkayenda kupita ku lole, awiriwiri, ife kumapeto. A Sumaili ankandifunsa kuti mwana akabadwa timutcha ndani, akuti akakhala wamwamuna ndimutche Sumaili ndione mmene abusa adzachitire pa ubatizo. Ine ndinawabwezera kuti munthu wokoka tiriga ngati akuzula chinangwa sangatchulidwe mwana wanga. Ndinati taonani, chala chimayenda chonchi, pang'onopang'ono. Mfuti inali italoza pansi. Ndinakoka koyamba, inangoti khe. Kachiwiri, khe.

Kachitatu inalira.

Ndinalakwa kawiri, ndipo uziwerenge zonse ziwiri. Ndinakhulupirira nambala m'malo mwa maso. Ndiponso ndinaloza mfuti pamene panali phazi la munthu, podziuza kuti ilibe kanthu.

Anagwa chagada. Nsapato inali itaboweka, magazi akutuluka m'bowomo ngati madzi a pampope. Ine ndinangoima, mfuti ili m'dzanja. Anzathu anali akuthamanga kuchokera ku lole. A Sumaili, mano atalumana, anandiuza kuti ndiwapatse mfutiyo. Sindinamve. Anabwereza, atanditukwana, kuti patse mfutiyo chitsiru iwe. Anaitsomphola m'dzanja langa. Pamene oyamba ankafika, inali m'dzanja lawo, ndipo ankakuwa kuti ndadziwombera ndekha, ndadziwombera ndekha.

Kuchipatala ndinawauza kuti ndikukanena zoona. Anandigwira malaya. Anati iwe uli ndi mimba kunyumba, chaka cha njala, ukachotsedwa ntchito kapena kutsekeredwa, mwanayo adya chiyani? Anati ine ndilibe mkazi, ndipo bambo anga ali ndi sitolo. Anandilumbiritsa kuti sindidzauza munthu. Ndinalumbira msanga kuposa mmene munthu wabwino akanalumbirira. Chimenechonso uchidziwe.

Zala zitatu anazidula. Ntchito inawathera, m'mapepala mwawo munalembedwa kuti anali wosasamala. Bambo awo anachita manyazi kuti mwana wapolisi wadziwombera yekha, ndiye anauza anthu a kuboma za njinga. Patapita masabata atatu iwe unabadwa.

Ine ndinakwezedwa, ndinakhala mlangizi. Zaka 19 zimene unanenazo ndi zoona, palibe wophunzira wanga amene anavulala. Ndinkawaimika padzuwa, aliyense atsegule kamgolo, akankhe kandodo, aloze kuwala, apise kachala kakang'ono m'bowo lililonse akutchula mokweza kuti mulibe, mulibe, mulibe. Wodumpha bowo limodzi ankazungulira bwalo kasanu. Ananditcha Sajeni Mabowo, ankayesa sindikudziwa. Ankati ndine wankhanza. Palibe amene ankadziwa kuti bowo lililonse ndinkaonamo phazi la mnzanga.

Dzulo ndinalephera kupirira. Ndinabwereka foni ya mayi ako, ndinati ndikukaikitsa chaji yabwino, ndinapalasa njinga mpaka kuboma. Ndinadutsa pa sitolo ya a Sumaili katatu osatsika. Kachitatu anandikuwira ali pa benchi lawo pakati pa zidebe ndi zitenje. Anati Sajeni, kodi mukulondera sitolo yanga kapena mukufuna kudzaba?

Ndinatsika. A Hamisa, akazi awo, anabweretsa tiyi ndi zitumbuwa, anafunsa za iwe, kenako analowa m'kati kukagulitsa. Ndinawaonetsa a Sumaili zithunzi zija. Anavala magalasi, analoza yonyezimira ija, akuti iyi ndiye mfuti, zinazi ndi zoopsezera akhwangwala. Ndinati ndi chifukwa chake simunkamenya chandamale. Anati ine sindinkamenya chandamale, koma inu munamenya.

Anaseka okha. Ataona kuti ine sindikuseka, anavula magalasi.

Ndinawauza zimene unanena kwa alangizi ako. Ndinati achimwene, ndabwera kudzapempha kuti mundimasule pa lumbiro lija. Mwanayu akugula mfuti akukhulupirira kuti ali ndi magazi a munthu wosalakwa. Tsiku lina adzawerenga zipolopolo m'dzanja, mtima udzamuuza kuti zatha, ndipo pambali pake padzakhala pataima munthu. Ndikangomuuza kuti uziyang'ana mabowo, amva ngati lamulo la pakhoma. Ndikamuuza za phazi lanu, sadzaiwala.

Thiraki ziwiri za ku Tete zinadutsa. Anavula nkhwaira, n'kuyamba kusisita phazilo pamaso panga, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

Kenako anati, Walahi, zaka 33 ndikunama za njinga imene sindinayendetsepo. Anati makasitomala amandifunsa kuti inali ya mtundu wanji, ndasintha mtundu kanayi, wina anandigwira bodza chaka chatha. Anati muuzeni mwanayo, ndatopa nayo njingayi.

Ndinayamba kuthokoza. Anandidula. Anafunsa kuti nanga alamu anati chiyani pamene munawauza?

Ndinati sindinawauze. Ndinalumbira.

Thandie, sindinawaonepo ankolo ako atandiyang'ana mmene anandiyang'anira. Anati ine mayi a Latifah ndinawauza tisanakwatirane, chifukwa munthu wogona naye nyumba imodzi sungamubisire phazi. Anati a Hamisa akhala akukupatsani tiyi zaka zonsezi akudziwa. Anati lumbiro lija linali lobisira mabwana, osati akazi anu, ndipo inu mukudziwa bwino. Anati Sajeni, mwakhala mukubisala kumbuyo kwa lumbiro langa ngati mmene munabisalira kumbuyo kwa phazi langa.

Tiyi anazizira m'kapu.

Anandiuzanso zina zimene sanandiuzepo. Anati musayese ndinakupatsani mosavuta. Ndinkafuna kudzakhala inisipekita, sindinkafuna kuyeza misomali pa sikelo. Anati miyezi yozizira ngati uno phazili limandidzutsa, ndipo m'mawa wina ndimakutukwanani ndisanapemphere. Kenako anati koma sindinanong'onezepo bondo, ndipo musandiyang'ane ngati nkhuku yonyowa, imwani tiyi.

Anandimasula, koma anaika lamulo limodzi. Anati kalatayo isawoloke boda alamu asanamve. Mwana sangadziwe chimene mayi ake sakudziwa.

Anatinso ndikuuze kuti ukamawombera, a Melvin aziima kumbuyo kwako, ndipo azivala nsapato zachitsulo, poti banja lino likudziwika.

Pobwerera ndinakankha njinga mtunda wonse, ngakhale potsetsereka. Ndinafika mayi ako akusankha mtedza wa lero. Ndinakhala pafupi nawo, ndinatsegula pakamwa, ndinawafunsa kuti matumba akwana angati. Anati awiri, simukuona? Basi. M'mawa uno ndinawaperekeza kumsewu, ndinawakwezera matumba pa pikapu, ndinatsegulanso pakamwa, ndinati muyende bwino.

Ndiye ndaganiza chonchi. Pakamwa pandikanika, koma kuwerenga ndimatha. Akafika ndiwakhazika pansi, ndiwawerengera kalatayi kuyambira pa moni mpaka pa dzina langa. Ndasiya malo m'munsimu. Ukaona dzanja la mayi ako pamenepo, udziwe kuti ndachita. Ndikalephera, kalatayi siifika kwa iwe, ndipo a Masauko adzakupatsa mtedza wokha.

Sindikudziwa kuti anena chiyani. Zaka 34 za ukwati. Anthu a kutchalitchi amatitumizira maanja achinyamata kuti tiwalangize za kusabisirana. Mayi ako ndi munthu woti ukawabisira kuti mbuzi yadya chimanga cha eni, amakhala masiku awiri osakulankhula. Nanga ichi?

Dzuwa lapendeka. Chiyambire ndime yapitayi ndaimirira kanayi. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ndimatuluka, ndipo ndi khutu limodzi sindidziwa kumene ikuchokera. Ina inali thirakitala.

Tsopano zopempha zanga, mwana wanga.

Mfuti ija ugule, usaleke chifukwa cha ine. Masewero amene wapezawo ndi abwino, ndipo ndinakondwa kumva kuti zipolopolo zako zayamba kugwera malo amodzi. Koma nthawi iliyonse ukamaliza, tsegula kamgolo, kankha kandodo mpaka kumapeto, loza kuwala, uone bowo lililonse. Usawerenge zimene zili m'dzanja. Yang'ana zimene zatsala mu mfuti. Wina akakupatsa mfuti n'kunena kuti ilibe kanthu, ngakhale akhale mlangizi, ngakhale ndikhale ine, tsegula uone wekha. Ndipo ngakhale utaona, mpope usaloze chinthu chimene sungafune kuchiboola.

Loweruka likubwerali ukawauze alangizi ako kuti unalakwitsa. Ukawauze kuti bambo ako anawombera mnzawo wapamtima ndi mfuti imene anali atatulutsa zipolopolo. Akafuna, aziwauza ophunzira awo. Akadzafunabe kundigwira chanza, ndidzalandira.

Latifah usamuuze iwe. Bambo ake anati amuuza okha.

Chomaliza ndi chovuta kulemba. Wakhala ukundinyadira, ndipo ine ndakhala ndikudya kunyada kwakoko ngati chakudya chobedwa. Sukulu yako yonse, unesi wako, nyumba ino, zinaima pa zala zitatu za munthu amene ndinakusiya ukumudziwa ngati wogwa pa njinga. Ukakwiya, kwiya, ndi zoyenera. Koma usasiye kundiimbira Lamulungu. Ngakhale ndizingoti "ati chiyani?", ndimamva kuti ndi iwe.

Iyi ndi pikapu. Ndamva mawu awo akukangana ndi kondakitala za thumba.

Undiperekere moni kwa a Melvin, uwauze kuti za nsapato zachitsulo ndi nthabwala za ankolo ako. Moni kwa anzako a kuchipatala amene anakutengera ku kalabuko. Mulungu akusunge polowa ndi potuluka, akupatse dzanja lokhazikika ndi maso osachita ulesi.

Ndine bambo ako,
Yakobe

Thandie, ndine mayi ako Deliwe. Andiwerengera yonse, malo ena kawiri poti mawu amawathawa. Sindinawayankhe ndipo lero sindiwayankha. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwakuwiza a Sumaili za njinga, iwo n'kumaseka nane, bambo akowa ali chete pambali. Manyazi amenewa sindikudziwa kuti ndiwaika pati. Mawa ndikapereka kalatayi kwa a Masauko ndekha, kenako ndikupita kusitolo ndi tambala wamkulu uja, wamoyo, akazinge okha mwa Chisilamu chawo. Bambo ako anyamula tambalayo, ayenda kutsogolo. Mfutiyo gula yakuda imene anenayo. Mabowo uziyang'ana.